Khoswe Amaoneka, Chodwalitsa Sichioneka: Zimene Oyendera Amapeza M'makhitchini a Malesitilanti

M'mawa wa pa 23 Febuluwale 2007, anthu odutsa mumsewu wina ku Greenwich Village, mumzinda wa New York, anayamba kuunjikana pawindo la lesitilanti yogulitsa zakudya za KFC ndi Taco Bell. Malowo anali asanatsegulidwe, koma m'kati munali piringupiringu. Makoswe, gulu lathunthu, ankathamangitsana pansi, kukwera mipando ndi kudumphira pamatebulo. Atolankhani a pa TV anafika n'kujambula kudzera pagalasi, ndipo pomwe dzuwa linkalowa zithunzizo zinali zitafika kutali. Chimene chinapsetsa anthu mtima kwambiri chinamveka pambuyo pake: dzulo lake lomwelo, woyendera zaukhondo wa mzindawo anali atalowa m'lesitilantiyo n'kuilola kupitiriza malonda. Woyenderayo anachotsedwa pa ntchitoyo, ndipo m'masabata otsatira anzake anatseka malo odyera ambirimbiri.

Nkhani ya makoswe imagulitsa nyuzipepala. Koma akatswiri ofufuza miliri yochokera ku chakudya akamaphunzitsa oyendera atsopano, nkhani imene satha kuidumpha ndi ya Jack in the Box, kampani ya malesitilanti ogulitsa mabaga ku America. Kumapeto kwa 1992 ndi kumayambiriro kwa 1993, anthu oposa 700 m'zigawo za Washington, Idaho, California ndi Nevada anadwala atadya mabaga a kampaniyi, ndipo ana anayi anamwalira. Ambiri mwa odwalawo anali ana, ena impso zawo zinaonongekeratu. Palibe amene anajambula khoswe. Vuto linali madigiri 8 okha. Chigawo cha Washington chinali chitalamula kuti nyama yogaya izipsa mpaka m'kati mwake mufike madigiri 68, koma kampaniyo inkatsatirabe muyezo wakale wa madigiri 60. Zikalata zake zomwe zinatuluka pa milandu zinasonyeza kuti akuluakulu ena ankaopa kuti nyama ikapsa kwambiri imauma, makasitomala n'kudandaula. Pa madigiri 60 amenewo, kachilombo ka E. coli O157:H7 kanapulumuka.

Nyama yogaya ili ndi vuto lakelake. Pa nthuli ya nyama, tizilombo timakhala kunja, ndipo moto umatipeza msanga. Makina ogayira akapera nyamayo, za kunja zija zimalowa m'kati, choncho baga wopserera pamwamba atha kukhala ndi tizilombo tamoyo pakati. Diso silingadziwe zimenezi, mphuno silingadziwe, lilime nalonso silingadziwe. Ndi chifukwa chake woyendera wodziwa ntchito yake amakhulupirira kachitsulo koyezera kutentha kuposa maso ake.

Woyendera akalowa

New York ndi malo abwino ophunzirirapo za ntchitoyi, chifukwa mzindawu uli ndi malo odyera oposa 20,000 ndipo zonse zimene oyendera amapeza zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense aone. Lesitilanti iliyonse imayenera kuyenderedwa kosachepera kamodzi pachaka, ndipo tsiku lake silinenedwa. Kulengezeratu kukanakhala ngati kubwera kwa apongozi: pabwalo pamasesedwa mbee, mbale zong'aluka n'kubisidwa kuchipinda.

Woyendera amabwera ndi tochi, choyezera kutentha chokhala ndi nsonga yobaya m'chakudya, timapepala toyezera mphamvu ya klorini m'madzi otsukira, ndi kakompyuta ka m'manja. Oyendera ambiri amayamba ndi kusamba m'manja, ndipo apa mayeso ayamba kale. Kodi pali sinki yosambira m'manja yokhayokha, kapena ndi yomweyo imene muli nkhuku yosungunuka? Madzi otentha akutuluka? Sopo alipo? Chopukutira chilipo? Sinki ikakhala youma gwa nthawi ya nkhomaliro, kapena kutsogolo kwake ataunjikako makatoni a mafuta ophikira, woyendera wadziwa kale kuti muno anthu sasamba m'manja, kaya bwana anene zotani.

Akachoka apo amatsegula mafiriji, amabaya nyama ndi mpunga ndi msuzi, amagwada n'kuunika ndi tochi kuseri kwa sitovu ndi pansi pa mashelefu. Cholakwa chilichonse chili ndi mapointi ake, ndipo pamasewera amenewa wopambana ndi amene wapeza mapointi ochepa. Cholakwa choika moyo wa anthu pachiswe nthawi yomweyo, monga kusunga chakudya pa kutentha kolakwika, chimayambira pa mapointi 7. Cholakwa chachikulu, monga kupereka saladi wa masamba osatsuka, chimayambira pa 5. Zolakwa zing'onozing'ono zimayambira pa 2. Kuyambira mu Julayi 2010, mapointiwa amasanduka chilembo chimene mwini malo amakakamizidwa kupachika pawindo: A kwa wopeza mapointi 0 mpaka 13, B kwa wa 14 mpaka 27, C kwa wa 28 kupita m'tsogolo. Amene walephera kupeza A paulendo woyamba amapatsidwa mpata, woyendera n'kudzabweranso asanapereke chilembo. Pakapezeka choopsa chimene sichingakonzedwe pompopompo, malo amatsekedwa tsiku lomwelo.

Tawerengani bwino mapointiwo. Ndowe za mbewa zili m'gulu la zolakwa zazikulu, koma zikakhala zochepa, lesitilanti itha kupezeka nazo n'kupachikabe A pawindo. Anthu ambiri akamva zimenezi amanyansidwa. Komatu amene anakonza mapointiwa sanapenge. Anasanja zolakwa potsata zimene zimagonekadi anthu m'chipatala, ndipo pamndandanda umenewo mphika wa nyemba zofunda umaposa mbewa.

Mphika waukulu wa nyemba

Bungwe la CDC, lomwe limalondola matenda ku America, limatchula zinthu zisanu zimene zimayambitsa miliri yambiri ya m'malo odyera: chakudya chosungidwa pa kutentha kolakwika, chakudya chosapsa, ziwiya zoipitsidwa, ogwira ntchito osadzisamalira, ndi chakudya chogulidwa kosadalirika. Choyambacho ndiye chimene oyendera amakumana nacho tsiku ndi tsiku, ndipo n'chovuta kuchimvetsa kwa munthu amene anakula akumva kuti chophika ndi chophika basi.

Pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60, mabakiteriya amaswana. Ambiri mwa iwo, zinthu zikawayendera, amadzigawa pawiri mphindi 20 zilizonse. Mmodzi m'mawa, pakatha maola 7 akhala oposa 2 miliyoni. Choncho lamulo la ku New York limati chozizira chizikhala pa madigiri 5 kapena kutsika, chotentha chizikhala pa madigiri 60 kapena kukwera. Chofunda, chimene ambirife timachiona ngati chili bwinobwino, ndicho choopsa.

Tiyeni tiuone pafupi mphika wa nyemba kapena wa nyama ya msuzi, wa malita 40, umene wophika wauphula 9 koloko usiku kuti ugwire ntchito mawa. Moto wapha tizilombo tambiri, koma pali bakiteriya wina, Clostridium perfringens, amene amadzitsekera m'kachikhokho kolimba kosamva kuwira. Wophika amavundikira mphikawo n'kuukankhira m'firiji, mtima uli m'malo. M'mbali mwa mphika mumazizira, koma pakati pamakhalabe pofunda mpaka m'bandakucha, chifukwa nyemba zokhuthala sizitaya kutentha msanga. Pofunda pamenepo, popanda mpweya, tizikhokho tija timatseguka, ndipo bakiteriya ameneyu ndi waliwiro kwambiri: atha kudzigawa pasanathe mphindi 10. M'mawa nyembazo sizinunkha, sizichita thovu, sizisintha mtundu. Wophika akangozifunditsa pang'ono n'kupakula, odya amayamba kupotokola m'mimba ndi kutsegula pakatha maola 6 mpaka 24.

Lamulo limafuna kuti chakudya chophika chitsike kuchoka pa madigiri 60 kufika pa 21 pasanathe maola awiri, kenako chifike pa madigiri 5 m'maola ena anayi. Mphika waukulu sungakwanitse zimenezi. Njira yake ndi kugawa chakudyacho m'mathireyi osaya, kapena kuimika mphika m'madzi a ayezi n'kumatakasa. Ndi ntchito yotopetsa imene imagwera munthu amene waimirira kuyambira m'mawa ndipo akuganiza za minibasi yomaliza. N'zosadabwitsa kuti cholakwa chimenechi sichisowa m'malipoti.

Mu Julayi 2018, anthu 647 anadwala atadya pa lesitilanti imodzi yokha ya Chipotle m'tauni ya Powell ku Ohio. Oyeza anapeza Clostridium perfringens, ndipo oyendera anapeza kuti malowo sankasamala za nthawi ndi kutentha posunga nyemba ndi letesi.

Mpunga uli ndi mdani wake, Bacillus cereus, ndipo ameneyu ndi woipirapo mwanjira ina. Mpunga wophika ukagona pofunda, bakiteriyayu amatulutsa poizoni amene safa ndi moto. Mutha kuukazinga mpungawo mpaka utenthe zedi, bakiteriya n'kufa, poizoni n'kutsala, wodya n'kuyamba kusanza pasanathe maola ochepa. Amene amakonda mkute wa mpunga adziwe zimenezi.

Za m'firiji ndi pathabwa lodulirapo n'zosavuta kumva. Nyama yaiwisi imakhala pashelefu yapansi penipeni, zakudya zodyeratu pamwamba, kuti madzi a nkhuku asadonthere pa saladi. Mpeni ndi thabwa zimene zadula nkhuku yaiwisi sizidula kabichi zisanatsukidwe, ndipo makhitchini ambiri ku Britain amasiyanitsa matabwa ndi mitundu: lofiira la nyama yaiwisi, labuluu la nsomba, lobiriwira la masamba ndi zipatso. Matumba a ufa ndi mpunga sakhala pansi, amakwezedwa masentimita 15 kuti tsache ndi tochi zizifika. Kansalu kopukutira kamodzi kamene kamayenda khitchini yonse paphewa la wophika, kuchoka pathabwa la nyama kupita pambale ya kasitomala, kamafafaniza malamulo onsewa nthawi imodzi.

Wantchito wodwala

Pali cholakwa china chimene woyendera sachipeza kawirikawiri, chifukwa sichikhala pashelefu. Chimalowa m'mawa pakhomo la kuseri, chitavala epuloni.

Kachilombo ka norovirus ndiko kamayambitsa miliri yambiri yochokera ku chakudya ku America. Kamatuluka m'chimbudzi ndi m'masanzi a wodwala mwa mabiliyoni, pomwe tochepa kwambiri, tosafika ngakhale 100, n'tokwanira kudwalitsa munthu wina. Mankhwala opaka m'manja aja amene tinawazolowera nthawi ya Covid-19 sakagonjetsa bwino. Pamafunika sopo, madzi ndi kutikita kwa masekondi 20. Wodwala amafalitsabe kachilomboka ngakhale atayamba kupeza bwino, choncho malamulo a m'mayiko ambiri amati wogwira chakudya asabwere kuntchito mpaka patadutsa maola 48 chisiyireni kusanza kapena kutsegula m'mimba.

Papepala lamulolo ndi losavuta. Mu Disembala 2015, pa lesitilanti ya Chipotle ku Boston, wantchito wina amene ankaphunzira umanijala anasanza ali pantchito, koma anauzidwa kuti apitirize. Patapita masiku awiri anabweranso n'kuthandiza kulongedza chakudya cha timu ya basketball ya Boston College. Anthu 141 anadwala. Kampaniyo inali ndi lamulo loletsa odwala kugwira ntchito, lolembedwa bwinobwino, koma silinatsatidwe. Mu Epulo 2020, Chipotle inavomera kulipira chindapusa cha madola 25 miliyoni pa miliri ingapo imene inadwalitsa anthu oposa 1,100 pakati pa 2015 ndi 2018. Panthawiyo chinali chindapusa chachikulu koposa chimene chinaperekedwapo ku America pa mlandu wa chitetezo cha chakudya.

Wina asaganize kuti izi ndi za malo otchipa okha. Kumayambiriro kwa 2009, anthu 529 ananena kuti adwala atadya ku The Fat Duck, lesitilanti ya wophika wotchuka Heston Blumenthal m'mudzi wa Bray ku England, imene inali ndi nyenyezi zitatu za Michelin ndipo inkawerengedwa m'gulu la malo odyera apamwamba padziko lonse. Ofufuza anapeza kuti norovirus inalowa kudzera mu nkhono za m'nyanja zodya zaziwisi, zochokera m'madzi oipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi, ndipo anadzudzulanso kuti antchito ena ankagwira ntchito akudwala. Mu 2013 zinachitikanso ku lesitilanti ya Noma, mumzinda wa Copenhagen, komwe anthu oposa 60 anadwala.

Lipoti la CDC la mu 2023, lomwe linaunika miliri pafupifupi 800 ya m'malo odyera pakati pa 2017 ndi 2019, linapeza kuti pa miliri imene gwero lake linadziwika, pafupifupi 40 pa 100 iliyonse inakhudzana ndi wantchito wodwala. Lipoti lomwelo linapeza kuti mamanijala osafika theka ndi amene ankalipira wantchito akajomba chifukwa cha matenda. Mfundo ziwirizi ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Wotsuka mbale amene amalandira ndalama patsiku, amene akudziwa kuti akajomba mawa apeza wina ataima pasinki pake, sanganene kuti usiku anatsegula m'mimba. Amamwa mapilitsi awiri n'kumanga lamba. Kumuimba mlandu wa umve munthu wotereyu n'kuphonya nkhani: amene anasankha kuti matenda abwere m'khitchini ndi amene anakonza malipiro.

Nthawi zina wofalitsayo sadziwa n'komwe. Mary Mallon, wophika wa m'nyumba za anthu olemera ku New York, anapezeka mu 1907 kuti ankafalitsa tayifodi iye ali bwinobwino, ndipo anakhala zaka zoposa 20 za moyo wake atatsekeredwa pachilumba cha North Brother. Ziphaso za kuchipatala zimene makhonsolo amafuna kwa ogwira chakudya zimayesa kutseka mpata umenewu, ngakhale chiphaso chimangonena za tsiku limene munthu anayezedwa.

Nanga makoswe ndi mphemvu? Asapeputsidwe. Amanyamula Salmonella ndi tizilombo tina, ndipo kupezeka kwawo kumaulula zambiri: zinyalala zogona m'khitchini, mapaipi odontha, mabowo osatseka. Woyendera amayang'ana ndowe, mikwingwirima yakuda ya mafuta m'mphepete mwa khoma momwe makoswe amadutsa, ndi matumba obooledwa. Koma mankhwala ophera makoswe nawonso ndi cholakwa akasungidwa kapena kuthiridwa pafupi ndi chakudya, ndipo atha kupha msanga kuposa khosweyo. Mu Okutobala 2024, ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto m'dziko la South Africa, atadya zakudya zogula m'kashopu ka m'dera lawo, ndipo oyeza anapeza terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagulitsana mozemba kuti aziphera makoswe. Mwezi wotsatira, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti mashopu onse otere alembetsedwe. Kuno kwathu ku Malawi, timapepala ta tameki timagulitsidwa m'misika ndi cholinga chomwecho, nthawi zina pafupi ndi benchi la tomato.

Chilembo cha pawindo

Nzeru yopachika zotsatira pakhomo inatchuka kuchokera ku Los Angeles. Mu Novembala 1997, wailesi ya kanema ya KCBS inaonetsa zimene makamera obisika anajambula m'makhitchini a mzindawo, anthu anakwiya, ndipo pofika Januwale 1998 zilembo za A, B ndi C zinayamba kuoneka m'mawindo. Toronto inayamba makadi obiriwira, achikasu ndi ofiira mu 2001, chaka chomwe Denmark inayamba kugwiritsa ntchito tinkhope tomwetulira ndi tokwinya. Ku Britain kuli zomata zobiriwira zokhala ndi nambala kuyambira 0 mpaka 5, zimene abale athu ogwira ntchito m'makhitchini ndi m'nyumba zosamalira okalamba kumeneko amazidziwa bwino. Ku Wales kupachika chomatacho ndi lamulo kuyambira 2013, ku Northern Ireland kuyambira 2016, koma ku England mwini malo amasankha yekha. Wopeza 5 amamata pakhomo penipeni. Wopeza 1, chomata chake chimathera m'dirowa.

Kodi zilembozi zimathandiza? Akatswiri a zachuma awiri, Ginger Jin ndi Phillip Leslie, analemba mu 2003 kuti ku Los Angeles anthu ogonekedwa m'chipatala ndi matenda a chakudya anachepa ndi 20 pa 100 alionse, ndiponso kuti malo opeza A ankapanga ndalama zochulukirapo. Kafukufukuyu anakopa mizinda yambiri. Kenako kunabwera Daniel Ho wa ku yunivesite ya Stanford, amene mu 2012 anaunika malipoti oposa 700,000 a oyendera. Anapeza kuti ku San Diego pafupifupi lesitilanti iliyonse inkalandira A, moti chilembocho sichinkasiyanitsa kanthu. Ku New York anapeza kuti mapointi a ulendo umodzi sankalosera bwino mapointi a ulendo wotsatira, ndiponso kuti malo ambiri modabwitsa ankathera m'mphepete mwenimweni mwa malire a A. Zikuoneka kuti woyendera akafika pa 13, dzanja limalemera kulemba cholakwa china. Ho ndi anzake anaunikanso ziwerengero za ku Los Angeles n'kupeza kuti matenda anachepanso chimodzimodzi m'madera oyandikana nawo amene analibe zilembo.

Izi sizikutanthauza kuti kuyendera n'kopanda pake. Eni malo amaopa C, ndipo mantha amenewo amagula mafiriji ndi kuitana okonza mapaipi. Koma woyendera amakhala m'khitchini ola limodzi kapena awiri pachaka chathunthu, ndipo oyendera awiri atha kuona khitchini imodzi mosiyana. Ena amagulika. Mu 1988, oyendera 28 a ku New York, ena apantchito ena opuma, anaimbidwa mlandu woopseza eni malesitilanti kuti awatsekera akapanda kupereka kangachepe. Ziphuphu zotere zimapweteka pawiri: wauve amagula chiphaso, waukhondo amalipira kuti asanamiziridwe.

Popeza woyendera amakhala m'khitchini nthawi yochepa chonchi, oyendera a ku Britain, kuwonjezera pa kagwiridwe ka chakudya ndi mmene nyumba ilili, amaperekanso mapointi pa kayendetsedwe ka malo. Amafuna kuona kabuku kolembamo kutentha kwa firiji tsiku ndi tsiku, ndi umboni woti antchito anaphunzitsidwa. Akufuna kudziwa zimene zimachitika masiku 364 amene iwo kulibe. Kabuku kolembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, nambala imodzimodzi mwezi wonse, woyendera wakale pantchito amakazindikira msanga kuti kadzazidwa m'mawa womwewo.

Kumene madzi ndi magetsi zimavuta

Malamulo onsewa amaganiza kuti pampopi pali madzi ndipo firiji ikulira usana ndi usiku. Ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka zimenezo si za masiku onse. Magetsi akazima maola 8, nkhuku za m'firiji zimasungunuka, magetsi akabwera n'kuumanso, ndipo pofika m'chiwaya palibe chizindikiro chotsala. Mwini malo amene alibe jenereta ayenera kusankha pakati pa kutaya katundu wa ndalama zambiri ndi kuphika n'kungoyembekeza kuti zikhala bwino. Madzi akasiya, mbale mazana zimatsukidwa m'beseni limodzi lomwe madzi ake asanduka msuzi, ndipo chimbudzi cha antchito chimakhala chosagejemula.

Kuno, chimene chimadzutsa oyendera nthawi zambiri ndi kolera. Mliri umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2017 utakula, boma la Zambia linatulutsa asilikali kukayeretsa misika, linaletsa malonda a m'misewu, ndipo mu Januwale 2018 linatseka nthambi zitatu za lesitilanti ya Hungry Lion zitapezeka ndi kachilombo ka kolera pa zimene anayeza. Anthu ambiri anadabwa, poti ankayesa kuti vuto lili kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu okha, osati m'malo a matailosi ndi mayunifolomu. Ku Malawi, mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo unali woopsa koposa m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'madepoti.

Zida zalamulo zilipo. Makhonsolo a mizinda ndi maboma ali ndi maofesala a zaumoyo amene ali ndi mphamvu yolowa m'malo odyera ndi kuwatseka, a Malawi Bureau of Standards amayendera malo okonzera ndi kugulitsira zakudya, ndipo pali lamulo la zaumoyo wa anthu, ngakhale linakhazikitsidwa kale mu 1948, nthawi ya atsamunda. Chimene chimasowa ndi kuyendera kwa nthawi zonse, kopanda mliri, ndi zotsatira zimene wodya angazione asanaitanitse nsima. Kuyendera kochita kudikira kuti anthu ayambe kufa kumafika mochedwa, ndipo kumagwera kwambiri wachiwaya ndi wakanyenya, amene n'ngosavuta kumuthamangitsa. Chonsecho chipisi chochoka m'mafuta owira n'kulowa m'jumbo pamaso pa wogula chili ndi ngozi yochepa kuposa mpunga ndi nyama zimene zakhala zofunda kuyambira 11 koloko pa tebulo lodzitengera la hotela yaulemu wake. Pachiwaya, chokayikitsa ndi kabichi wamuwisi wothira pamwamba, madzi amene anamutsukira, ndi dzanja limene likulandira ndalama n'kugwiranso chakudya.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni padziko lonse amadwala chifukwa cha chakudya choipitsidwa ndipo 420,000 amamwalira. Mu Africa muno odwala ndi oposa 91 miliyoni, omwalira 137,000, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo chino ndicho chimavutika koposa. Ziwerengero zimenezi ndi za chakudya chonse, cha kunyumba ndi chogula chomwe, ndipo ndi zoyerekeza, chifukwa odwala ambiri sakafika polembedwa.

Kusalembedwaku kumavutitsa oyendera kulikonse. Munthu akatsegula m'mimba amaloza chimene wadya komaliza, pomwe Salmonella atha kutenga masiku atatu kapena kuposa asanaonekere, E. coli masiku atatu kapena anayi, ndipo matenda a chiwindi a hepatitis A amatha mwezi. Ambiri amangomwa thanzi n'kukhala chete, ndipo khonsolo siimva kanthu. Anthu 30 amene anadya malo amodzi, aliyense akadwalira kwake, palibe amene amadziwa kuti pachitika mliri.

A zaumoyo ku New York anayesa njira ina yowapezera anthu oterewa. Pakati pa 2012 ndi 2013, mothandizana ndi yunivesite ya Columbia, anagwiritsa ntchito kompyuta kusefa ndemanga pafupifupi 294,000 zimene anthu analemba pa tsamba la pa intaneti la Yelp zokhudza malo odyera, kufunafuna mawu onena za kusanza, kutsegula m'mimba ndi kudwala. Mwa odwala amene anawapeza, pafupifupi 3 okha pa 100 alionse ndi amene anali atadziwitsa boma. Atawafunsa mafunso ena mwa iwo, anatulukira miliri itatu imene palibe ankaidziwa, yokhudza anthu 16. Oyendera atapita kumaloko anapeza zolakwa monga antchito ogwira zakudya zodyeratu ndi manja opanda magolovesi, masamba osatsuka, ndi zakudya zaziwisi zosungidwa mosakanikirana ndi zakupsa m'firiji.